Gwirani Mpweya

Pakalata alemba kuti anaterereka m'bafa.
Zelipa Njobvu, wa ku Chawama, zaka makumi atatu ndi zinayi.
Nthawi ndi ziro thuu, mvula ikugunda malata a khonde.
Amuna awo anyamula chikwama, foni,
ndi mayankho onse.
Ndikafunsa mayi, pakamwa potseguka m'pa bambo.

"Bambo, mudikire panja. Kuwala kwa makinawa n'koopsa."
Chitseko chathu n'cholemera, muli mtovu.
Chimatseka pang'onopang'ono
ngati chikudziwa ntchito yake yachiwiri.

Ikani mkono apa. Pepani, m'pozizira.

Munthu akamagwa amatsogoza chikhatho,
pamathyoka m'pamfundo ya dzanja.
Apa fupa lathyoka pakati,
lija la mbali ya kachala kakang'ono,
pomwe chinthu chimafikira
ukakweza mkono kuti ubise nkhope.

A Chulu apemphanso cha pachifuwa,
poti mayi akupuma mobera.
Kokani mpweya. Gwirani. Musapume.

Nthiti zatulukira pagalasi, zoyera mumdima,
zitatu zili ndi mfundo ngati nzimbe.
Ina inauma kalekale, mwina dzinja latha.
Ina ikadali ndi chifunga chake, ya mwezi uno.
Ndi bafa lanji
lomwe limadikira nthiti ipole
kenako n'kubweranso?

Ine si wapolisi, si m'busa.
Ndinaphunzira kuyeza mtunda ndi kudina batani.
Koma fupa silinapite kuchilangizo,
palibe analiuza kuti za m'nyumba saulula.

Ndatembenuza galasi kuti aone.
"Ndine ameneyu?"
"Ndinu."
Ayang'ana nthawi yaitali,
chala chili m'malere, osakhudza.
"Iyi ndi ya tsiku ndinachedwa ku Soweto,
minibasi itafera pa Kafue Rodi.
Iyi sindikukumbuka."
Kenako, motsitsa mawu: "Ana ali kwa aneba."

Gogogo pachitseko.
"Simunathe kodi?"

Ndakweza foni yamkati, ndaitana a Chulu
ndi sisitala uja wa chipinda chakumapeto,
chopanda chikwangwani, chokhala ndi khomo lakuseri.
Sindikudziwa ngati mayi alowamo.
Ena amalowa. Ena amapempha pulasitala basi,
n'kubwerera m'galimoto lomwe lawabweretsa,
ndipo timadzakumananso pa Khirisimasi.

"Chithunzi sichinatuluke bwino, bambo," ndafuula,
"tibwereza."
Bodza langa loyamba usiku uno.
Chithunzicho chatuluka bwino kuposa zonse za sabata ino.

Ndacheuka. Mayi aima chilili pamakina,
mapewa m'mwamba, chifuwa chodzaza.
Ndinaiwala kuwauza mawu otsiriza.

Mayi Njobvu,
pumani.