Mapepala Atatu Pansi pa Msangu

Wamalonda wa ku Limbe wandisiyira mapepala atatu
osalala ngati khungu la mlamba.
Ndawayala pabenchi pansi pa msangu,
ndawapsinja ndi miyala kuopa kamvuluvulu wa ku Nchalo.
M'khola nkhosa mazana anayi zikupuma mwawefuwefu,
malata akulira ndi dzuwa la Okutobala,
fungo la mkodzo likulasa m'maso ngati tsabola.

Pepala loyamba ndi unyolo wokoka chitsulo chopalira.
Akuti chimakwawa pansi ngati ng'ona,
kukankha ndowe mpaka kudzenje, kawiri patsiku.
Ndinafunsa: magetsi akathima masiku atatu, adzachikoka ndani?
Iye anati jenereta.
Ine ndinati dizilo.
Tonse tinayang'ana kumbali.

Lachiwiri ndi lamba wa labala
woyenda kunsi kwa khola lam'mwamba,
kulandira timibulu togwa m'mipata ya matabwa.
N'zokongola pachithunzi,
koma wojambulayo sanaone mtsinje wa Mwanza utakwiya,
chaka chija madzi analowa muno usiku
n'kusiya mzere wamatope pakhoma,
mzere umene mpaka lero umandifika m'chiuno.
Lamba ameneyu adziwa kusambira?

Lachitatu sindifuna n'kulitchula:
kangolo kodziyendetsa kokha, kamaso ofiira,
kodzuka pakati pa usiku popanda wokadzutsa.
Mtengo wake ndi theka la khola langa.
Kakadwala, sing'anga wake ali kutsidya kwa nyanja,
pomwe Tchale, wowotcherera zitsulo pamsika,
amangodziwa matenda amene nyundo ingachize.

Ndikuwerengera, ndamva wilibala ikulira kumbuyo.
Zuze.
Zaka khumi ndi chimodzi, fosholo yomweyo,
chigwiriro chake chinasalala n'kutenga maonekedwe a dzanja.
Ndinafuna kubisa mapepala, manyazi atandigwira
ngati wopezeka akukambirana za chikwati china.
Iye anapukuta manja pathalauza,
anatenga loyamba, kuliyandikitsa kumaso.

Mayi, anatero, ndowe za nkhosa zili ndi nyengo.
Mwezi uno zimagubuduka ngati mtedza,
Febuluwale zimakakamira ngati phala la dzulo.
Muwafunse ngati chitsulochi chimadziwa zimenezo.
Muwafunsenso za miyendo ya tiana,
tija tobadwa usiku, tosadziwa kuthawa.
Chiziyenda pang'onopang'ono, chiziima chikagunda chamoyo.
Ndipo injini yake ikhale m'mwamba,
pamwamba pa mzere uja.

Anakhosomola nthawi yaitali,
chifuwa cha fumbi chimene anachitola m'khola langa.
Kenaka anati: gulani cha unyolocho.
Msana wanga wakhuta.
Koma batani lake mundionetse ine,
ndi girizi, ndi sipanala.
Ng'ona yachitsulo nayo ifuna mbusa.

Ndinalemba mafunso ake kuseri kwa pepala,
ochuluka kuposa amene ndinali nawo ine,
wolipira ngongole kubanki.
Ndinawonjezapo limodzi lokha:
manyowa akatuluka, adzakhalabe oti n'kugulitsa?
Pakuti amayi a kudimba amabwera ndi matumba Loweruka,
alimi a thonje amatumiza ngolo za ng'ombe,
ndipo ndalama ya ndowe ndiyo imagula mankhwala a njoka zam'mimba.
Sindifuna makina osandutsa chuma kukhala madzi onunkha.

Madzulo ndaimba foni ku Limbe.
Ndati bwerani mudzayeze khola,
mubwere ndi unyolo wina wapadera,
ndipo mudzakhale tsiku lonse, osati kuthawa kutentha masana.
Mudzayankhe Zuze, osati ine.

Mapepala awiri otsalawo
ana akupizira nawo mphepo pakhonde.
Fosholo sitigulitsa.
Taikhomera msomali pafupi ndi khomo,
pomwe dzanja lingaipeze mumdima
tsiku limene magetsi adzachite zawo.