Mutu Wachisanu ndi Chiwiri

Mlongo wanga Ximena walemba buku.
Aliika pazenera la sitolo ina muno mu Antofagasta,
pakati pa buku la tizilombo ta m'matumbo
ndi la mkulu wina amene anatha zaka khumi akumvetsera anangumi.
Ndimaliona ndikaima pamaloboti,
takisi ikunjenjemera, kasitomala akuyang'ana wotchi.

Zaka zinayi analilembera pathebulo la kukhitchini kwa bambo,
akatsika kuphiri la m'chipululu
kumene amagona usana, usiku n'kulondera thambo
ndi chigalasi chachikulu kuposa nyumba yathu.
Akamaliza ndime, ankaiwerenga mokweza.
Bambo Eleodoro, zaka makumi atatu mumgodi wa mkuwa,
sukulu anailekera panjira,
chifuwa chikulira ngati chitseko cha dzimbiri.
Akatsinzina, ndiye kuti ndimeyo yatera.
Akavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya,
Ximena ankatenga pensulo.

"Mawu awa, mwanawe, avala jekete.
Avule, tiwaone nthiti."

Anavula ambiri.
Ena anakana, anawataya.

Mkonzi wa ku Santiago ankafuna mutu wachisanu ndi chiwiri uchoke.
Akuti anthu amagula nyenyezi, sagula mkuwa.
Ximena anaimitsa foni pakati pa mawu ake.
Mutuwo umanena kuti mkuwa sunabadwire pansi pano,
unaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi zikuluzikulu,
zinaphulika, fumbi n'kumwazika,
dzuwa lathuli lisanaganiziridwe n'komwe.

Tsiku limene anawawerengera zimenezi
bambo sanatsinzine, magalasi sanawakhudze.
Anangoyang'ana zikhatho zawo, uku ndi uku.
"Ndiye moyo wanga wonse ndakhala ndikufukula manda?"
Anadzuka, tiyi anamusiya wosamwa.
Masiku awiri duu.
Lachitatu, ali pakhomo, nsapato imodzi kumanja:
"Nanga nyenyeziyo kampani inailipira zingati?"
Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira,
ife n'kuthamangira madzi.

Anatisiya mu Juni, kukuzizira,
mutu womaliza usanalembedwe.

Pa tsiku lokhazikitsa bukulo tinalipo anthu khumi ndi anayi,
kuwerengera ine ndi mayi wogulitsa khofi.
Mipando ina inangokhala kukamwa yasa.
Mayi wina anafunsa ngati nyenyezi zikuti akwatiwenso.
Kamnyamata kovala yunifomu yothina kanaimika dzanja,
kakufuna kudziwa ngati dzuwa lidzazima iko kali moyo.
Ximena anagwada kuti alingane nako msinkhu.
Anakauza kuti ayi, nthawi ilipo yambirimbiri,
homuweki kalembebe basi.
Agogo ake anagula mabuku awiri,
ndalama akuzitulutsa mukachikwama ka mankhwala.

Langa limakhala mugalimoto, pamodzi ndi malisiti a mafuta.
Chikuto chapindika kale ndi dzuwa.
Ndikamadikira mabasi ausiku kudepoti
ndimayatsa kagetsi ka padenga,
n'kukumbukira kuti kawaya kake nakonso ndi mkuwa,
kenako ndimawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere.

Mitu isanu ndi iwiri ndimadutsa ngati msewu wa kwathu,
ndikudziwa pamene bambo anatsokomola,
pamene anati bwereza,
pamene anafunsa kuti biliyoni ili ndi maziro angati
n'kuwalemba kuseri kwa katoni ya shuga.

Koma mutu womaliza wandikanika.
Ndauyamba kasanu.
Umakamba za chinthu chakuda chosaoneka
chimene akuti chagwirizira milalang'amba kuti isamwazike.
Ndi wokongola, anzake a kuphiri amatero.
Ximena sindinamuuze,
ndipo sindidzamuuza,
kuti kuyambira tsamba loyamba la mutuwo mpaka kumapeto
mawu onse avala jekete,
mabatani mpaka m'khosi.