Phewa la Kumanja

Phewa la kumanja la abambo linatsika kalekale.
Analitsitsa ndi makwerero achitsulo
owotcheredwa ku Siyaso ine ndisanabadwe.
Makilogalamu makumi awiri ndi atatu:
ndinawayeza ndekha pa sikelo ya ogula zitsulo zakutha,
mwini sikelo n'kundifunsa ngati ndikugulitsa.

Zaka zonsezi wapansi, kuchokera ku Mbare mpaka ku Avondale,
pakuti palibe kondakitala wa kombi
wolola mamita anayi a dzimbiri m'galimoto mwake.
Ankapenta nyumba za eni,
ankachotsa maluwa a jakaranda otseka mipope ya padenga,
ndipo tsiku lina chitsulocho chinapsompsona waya wa magetsi.
Chala chawo chaching'ono sichipindika mpaka lero.

N'chifukwa chake ndili muno,
m'kashedi ka lendi kuseri kwa fakitale ku Graniteside,
mphuno yomanga ndi kansalu, mikono ikuyabwa.
Ulusi wa galasi suona nkhope,
umalowa pakhungu ngati chitedze.
Tarisai akusakaniza utomoni m'chitini cha penti,
akuwerenga madontho m'Chishona,
ine ndikuyankha m'chinenero cha kwathu kumene sindinafikeko.

Oyamba anathyoka pa sitepe yachitatu.
Tinapachika matumba a mchenga, limodzi, awiri,
lachitatu lisanakhazikike n'komwe, thyo!
Ndinatola zidutswa, ndinaziyang'ana usiku wonse.
Ulusi wonse ndinaugoneka mbali imodzi
ngati anthu ogona pamaliro.
Katundu atabwera chopingasa
panalibe ndi mmodzi yemwe womulandira.

Achiwiri ndinaluka.
Wina chotalika, wina chopingasa, wina chopendama,
khonje pakati poti dzanja ligwire,
m'kati mwa mizati mphako, mpweya wokhawokha.
Ndinaphunzira kuti mphamvu sikhala m'kulemera,
imakhala m'mene zofooka zagwiranirana.
Galasi palokha limasweka. Utomoni pawokha umanyenyeka.
Koma magetsi anazima utomoni usanaume,
ndipo tinataya sabata ndi madola makumi anayi.

Achitatu ndi awa.
Matumba asanu, akungowerama pang'ono ngati mkamwini,
n'kudzukanso.
Makilogalamu asanu ndi awiri.

Ndinawanyamula ndi dzanja limodzi mpaka ku Mbare.
Abambo anawakweza, anawatsitsa,
anagogoda ndi chikhadabo kumvetsera kulira kwake.
Anati, chinthu chopepuka chonchi n'chabodza,
munthu sungaike moyo wako pa chinthu chosakulemera.
Sindinatsutse.
Ndinawatsamiritsa pakhoma la mdadada wathu
pomwe pali mawaya aja,
ndinavula nsapato, n'kuyamba kukwera.

Pa sitepe yachitatu mtima unagunda kukhosi.
Pa yachisanu ndi chiwiri ndinamva kuti pansi pakhazikika,
ndipo nditasuzumira
ndinaona manja awiri atagwira mizati,
chala chimodzi chili chiimire.

Sanayamikire. Sakonda zimenezo.
Anangofunsa ngati penti ingagwire pamenepo,
poti dzina lawo liyenera kulembedwa
asanabwereke anyamata a masola.

M'mawa ndinawaona pawindo akuwoloka msewu
kudutsa amayi ogulitsa tomato,
makwerero atsopano paphewa.
Phewalo linali lotsikabe,
likunyamulabe makilogalamu khumi ndi asanu ndi limodzi
amene ndinachotsa.
Amenewo sindinawapezere ulusi wake.