Masamba Makumi Awiri

Foni yanga yang'aluka pakona,
mng'alu ukutsika ngati msewu wa ku Mchini dzinja likatha,
ndipo m'katimo muli zithunzi zikwi zitatu
zimene ndimayenda nazo m'thumba la siketi.
Tisauke, mwana wa mlongo wanga, akuti:
Azakhali, tsiku lina idzazima osadzukanso.
Sindikizani buku.

Ndiye takhala pakhonde, magetsi atapita,
bandulo ikusungunuka ngati aisi m'dzanja,
tikusuzumira m'masitolo atatu opanda zitseko.

Yoyamba ndi ya ku Joni.
Mapepala onyezimira, chikuto cholimba ngati Baibulo la paguwa,
mtengo aulemba m'ndalama zakwawo.
Tisauke watembenuza m'makwacha
ndipo taseka kuseka kwa munthu woponda minga.
Matumba anayi a mtedza,
mwezi wathunthu wa zala zanga pa Kapata.

Yachiwiri ndi ya ku Lusaka.
Ikufuna dzina la msewu ndi nambala ya nyumba.
Ndilembe chiyani?
Kuseri kwa chigayo cha a Miti, pali mpapaya wopindika,
funsani mayi wa chiponde?
Kabokosi kakana, kafiira.
Tabwereka adilesi ya kutchalitchi, katilola kulowa.

Masamba makumi awiri okha.
Sindinadziwe kuti kukonda n'kusiya ena panja.
Ukwati wa Zelipa, ziwiri.
Ku Mtenguleni, tonse nkhope zili mbuu ndi fumbi, chimodzi.
Malisiti, matumba amene ndinkatumizira ogula,
mbuzi ya eni ake imene sindikumbuka chimene ndinaijambulira,
zonsezo zatsala.

Kenaka Yotamu.
Ndili nacho chimodzi chokha:
ali pa njinga yake yonyamula anthu, m'munsi mwa Kanjala,
katsamiro kofiira pakaliyala,
akutembenuka kundiuza kuti ndisiye zachibwana.
Anagwedezeka. Nkhope yake ili ngati utsi,
mano okha ndiwo aima.

Makina akuti chithunzichi n'chosaoneka bwino.
Aika chizindikiro chachikasu pamphumi pake.
Adula gudumu lam'mbuyo kuti akwane m'malire,
gudumu limene linalipira sukulu ya mwana ali pambali pangayu.
Ndabweza, adulanso.
Tisauke wayang'ana kumbali, akuti udzudzu.

Yachitatu ndi yaing'ono,
nyenyezi zake sizikwana zisanu,
wina analembapo kuti mitundu inatuwa,
wina kuti buku linachedwa sabata.
Koma pansi pali nambala ya foni.
Ndaimba.
Wayankha mtsikana, mwana akulira kumbuyo kwake,
makina ena akutsokomola chapatali.
Ndafotokoza za utsi uja, za gudumu.
Wafunsa: Alipo?
Ndati ayi, chaka chachitatu chino.
Wakhala chete kanthawi, ndalama zanga zikudyeka,
kenaka: Tumizani momwe chilili, amayi.
Ndimupatsa tsamba lake yekha, njinga yonse.

Onyezimira kapena osanyezimira?
Tisauke wayankha ndisanatsegule pakamwa:
Osanyezimira. Onyezimira amasunga zala,
ndipo bukuli anthu adzaligwira.

Theka ndatumiza pafoni, theka likafika.
Mwina ndaponya ndalama m'chitsime.
Amene ndamukhulupirira sindikumudziwa nkhope,
dzina lokha, Mwatitha, ndi chifuwa cha mwana wake.
Adilesi sanafunse.
Akuti basi ya Lachinayi, kondakitala wa chipewa chobiriwira.

Lero ndi Lachinayi.
Ndatseka benchi msanga, ndili pa siteshoni
pakati pa matayala, makatoni a anapiye ndi mabelo a salaula.
Anyamata a njinga akundiitana, Tiyeni amayi, tiyeni,
mmodzi katsamiro kake n'kofiira.
Basi akuti yadutsa Katete.
Ndapukuta manja pachitenje kawiri,
akununkhabe mtedza.