Mzere wa pa Malaya

Belo la Lachiwiri ndidalidula ndi mpeni wobwereka,
pansi pa malata otentha a msika wa Moatize,
fumbi la malasha likutera pa zonse ngati mchere wakuda.
Pakati pa masiketi ndi majuzi osagulika kuno kotentha
padatuluka malaya oyera, khosi lotambasuka,
adakali ndi fungo la mankhwala a m'sitima.
Pachifuwa adajambulapo mzere:
nyani wokwawa, wina wowerama, wina ndi chibonga,
wina ndi mkondo, ndipo kutsogolo kwenikweni
mnyamata woongoka, foni m'manja.
Onse aloza kumodzi. Palibe wocheuka.

Fulujensiyo, mwana wa mlongo wanga,
adawatsomphola ndisanatchule mtengo.
"Malume, nayi mbiri yathu yonse. Tikukwera."

Mwanangu, ine sindikangana ndi mwala.
Bambo ako ali kumgodi adanditolera phale lakuda
lokhala ndi tsamba m'kati, mitsempha yake yonse,
tsamba lomwe lidagwa kusanakhale khutu lomva kugwa kwake.
Ndimalisunga m'thumba la ku tchalitchi. Sindiliopa.
Mulungu sathamangitsidwa ndi wotchi.
Ngati adafuna kuumba mosafulumira,
dongo ndi lake, zaka ndi zake.
Aphunzitsi ako ayeze mafupa, ndi ntchito yawo.

Koma mzere uwu si muyeso ayi. Ndi nthano,
ndipo nthano iliyonse ili ndi woidyera.
Iyi imati wam'mbuyo ndi wochepa,
imati wa lero aposa wa dzulo
chabe chifukwa kwacha.

Ndidaimvapo yopanda nyani
tsiku lomwe malole adabwera kudzasamutsa mudzi.
Adati chitukuko sichidikira munthu.
Adati ndi mmene dziko liyendera:
champhamvu chitsala, chofooka chipatuka.
Mayi Peripetuwa, woumba njerwa zaka makumi atatu,
adakwezedwa ndi mbuzi ziwiri ndi mtondo
kupita kuminda kumene khasu lilira ngati belu.
Amuna awo adawatsatira m'kabokosi kolembedwa nambala.
Tandilozera, Fulujensiyo, pa malaya akowo iwo ali pati?
Kumbuyo kwa wachibonga?
Nanga mng'ono wako Tadeyu,
amene sadzaima woongoka mpaka kufa,
amene amaseka ndi thupi lonse ukamalowa pakhomo?

Woongoka wakutsogoloyo ndidakumana naye.
M'zaka za nkhondo, pa msewu wa ku Zobwe,
ndidagona chafufumimba m'udzu, ndili msinkhu wako.
Amene adatentha basi ija adali oongoka bwino,
odziwa kuwerenga, mawotchi pamkono.
Anyani adali pathanthwe, akungoyang'ana.
Iwo sadatenthepo basi.

Zimene timaimba Lamlungu zimayenda mobwerera mzere wako.
Si ife tidakwera. Iye adatsika.
Woongoka yekhayo adawerama,
adamanga nsalu m'chiuno, adagwira mapazi ang'alang'ala,
kenaka adagwa ndi mtengo paphewa, adakwawa,
adakafika kumchira kwenikweni kwa mzere
kumene kulibe womujambula,
adakhala pansi pamodzi ndi otsalira.
Ukafuna kumupeza uyenera kucheuka.

Fulujensiyo adangoti, "Malume, mumatalikitsa."
Adaponya mametikali makumi asanu pa saka,
theka la mtengo, n'kuvala pomwepo.
Ndidamuleka. Malaya ndi malaya,
ndipo mwina ndimatalikitsadi.

Madzulo sitima ya malasha itadutsa,
mabogi osatha kuwerenga, nkhalango yakale ikupita kunyanja,
ndidamuona akuwoloka njanji atabereka Tadeyu
kuchokera kuchipatala.
Adali wowerama ngati wachiwiri pa mzere uja,
thukuta kamukamu, akudodoma pamiyala,
manja a mng'ono wake atakoka nsalu pachifuwa.
Chithunzi chonse chidakwinyika,
mzere udapindika pakati,
mpaka nyani ndi mnyamata wa foni
adagundana mphumi.