Nambala 4417

Magetsi abwera m'bandakucha.
Ndayatsa seva ya muofesi ya malipiro ku Dwangwa,
kuwerenga kwayambiranso pansi.

Wodzuka koyamba atenga 1.
Ena onse amabadwa mong'ambika:
ntchito igawika pawiri ngati phesi la nzimbe,
mwana alandira nambala yake,
pambali alembapo ya kholo.
Makina safunsa chiwongo,
safunsa kuti kwanu n'kuti.

Bambo anga analinso ndi nambala,
yodindidwa pakachitsulo, yomangirira palamba ndi waya.
M'mawa ulionse kapitawo Msamala
ankaifuula m'munda wotenthedwa dzulo,
iwo n'kuvomera, nkhope bii ndi mwaye,
ngati aitanidwa dzina la paubwana.

Muno gulu limadziwika ndi nambala ya mtsogoleri wake.
Ukaika kamzere kutsogolo kwa nambalayo
n'kudina kamodzi,
onse agwa pamodzi,
ngakhale amene anali pakati pa chiganizo.
Gulu la Msamala linatheranso choncho
Novembala wina mvula isanagwe:
mzere umodzi papepala, zikwanje makumi atatu zibwezedwe kusitolo.

Komabe makinawa ali ndi ulemu wawo.
Kholo likafa, 1 amatola amasiye.
Mwana akatsiriza ntchito safufutidwa msanga,
amakhala pamndandanda, wopanda mpweya, wopanda katundu,
kudikira kholo lidzafunse:
zinatha bwanji?
Likafunsa m'pamene amapita.

Ife palibe anabwera kudzafunsa.
Chifuwa chinawatenga mu Julaye,
ndipo nyengo yodula itafika
kachitsulo kanali palamba wa mnyamata wa ku Ntchisi.
Sindimuda. Manambala akafika kumapeto amabwerera,
kusaka mpata wosiyidwa.
Ndinaphunzira zimenezi kusukulu, ndinakhoza bwino lomwe.

Lero ndi tsiku lamalipiro.
Panja anthu ayamba kale kufola, njinga zatsamira mpanda,
a Nabanda akugogoda zenera ndi kiyi:
"Tawina, mapepala aja bwanji?"
Pulintala yangoti duu.
Ndafufuza chimene chaigwira pakhosi,
ndachipeza chakakamira pamzere wachisanu,
sichikupita, sichikubwerera,
chikudya mphamvu ngati munthu wokana kuweruka.

4417.

Ndikudziwa chochita, ndi mawu awiri okha.
Pali lamulo lopempha, pali lamulo lokhapa.
Ndalemba lopemphalo.
Chala chili m'mwamba,
fungo la manyuchi likulowa pazenera,
a Nabanda akugogodabe.