Sikelo ya ku Lifuwu

Sikelo yanga imalendewera pa nthambi ya mango
pamphambano ya ku Lifuwu,
pomwe njinga zolemedwa ndi mpunga zimapumira.
Ine ndimawerenga singano.
Alimi amangowerenga nkhope yanga.

Kuseri kwa sikeloyo kuli kanati kakang'ono.
Abwana Chimkwita anandionetsa tsiku loyamba,
kukapotokola pang'ono, kenako kundigwira paphewa:
"Makilo awiri pa thumba si kuba, mphwanga,
ndi mtengo wa fumbi."
Zaka zinayi ndakhala ndikukolola fumbi limenelo
ndipo landifolerera nyumba ndi malata.

Lachisanu kunabwera mayi Nasimango
ndi matumba atatu a kilombero pa njinga yobwereka.
Munda wawo ndimaudziwa.
Madzi osefukira a mu Febuluwale anaukokolola wonse,
iwo n'kuwokeranso mbande zopempha,
matope m'mawondo, misundu m'miyendo,
akuuza aliyense wowaseka kuti
Amene analonjeza nyengo yokolola sanasamuke.
Singano inanama monga ndinaiphunzitsira,
ine n'kuiikira umboni.
Anamanga ndalama pakona ya chitenje, nagwada pang'ono:
"Ambuye akudalitseni, adikoni."

Lamulungu linali la Mgonero.
Timakapu ndinathira ndekha m'mamawa,
kuwerama, kuyang'anitsitsa,
kuti pasapezeke koperewera.
Abusa anakweza chikho natchula pangano,
mawu omwe ndawamva kuyambira ndili m'kalasi
mpaka anasalala ngati mpini wa khasu lakale.
Benchi ndi benchi ndinayenda ndi thireyi.
Pa benchi yachinayi
dzanja lokalikakalika ndi zenga linatambasuka
n'kutenga kakapu kodzaza ndendende ngati kanga.
Thireyi inanjenjemera.
Timakapu tinagundana ngati mano a munthu wamalungo.

Inu, Mwini pangano,
simunapotokolepo nati.
Chaka chomwe ndinaleka kupemphera
mvula inagwabe pamunda panga
mofanana ndi pa munda wa woyimba kwaya.
Usiku uja Mwandida wanga anakomoka
pachipatala cha boma ku Salima,
ndinakulonjezani kumwamba ndi pansi,
nditagwira chitsulo chozizira cha bedi.
Kunacha, mwana anapempha phala.
Ine ndinaiwala ndisanakwere n'komwe minibasi.
Simunabwere kudzazula chitseko changa
monga achitira akatapira.
Munangopitiriza kutulutsa dzuwa,
kusunga mbali Yanu ya mawu
pamene yanga inkadyedwa ndi chiswe.

Kukhulupirika kotereku kumawawa kuposa chikoti.
Chikoti ndikanachizemba.

Lolemba ndinalawirira mame asanaume,
pulayazi m'thumba la malaya.
Kanati kanali katachita dzimbiri, kanakana,
kanandisenda chala, kenako kanagonja.
Ndinagula paketi ya shuga yosatsegula kwa Saukila,
n'kuikoloweka.
Singano inaima pa kilo imodzi, phee,
ngati mwana amene waleka kunama
ndipo sakudziwa poyang'ana.

Abwana adzazindikira pofika Loweruka,
matumba awo akadzasiya kubereka panjira.
Chomwe tidzadye mwezi wamawa sindikuchidziwa.
Mkazi wanga ndamuuza usiku;
anakhala chete nthawi yaitali,
kenako anafunsa ngati malata nawonso tibweze.

Sindinamuyankhe.
Pakaliyala ndamangapo makilo asanu ndi imodzi
a mayi Nasimango.
Amenewo ndi omwe ndikuwadziwa dzina.
Enawo, a zaka zinayi,
anabwera, anagwada, anandithokoza, napita
ku Maganga, ku Chikombe, ku midzi yomwe sindinafikeko.
Mabuku anga sanawalembe.
Inu munawalemba.
Ndiperekezeni pang'onopang'ono, khomo ndi khomo,
njinga yanga ilibe mabuleki abwino
ndipo njira ya kwa Nasimango ndi yamchenga.